Pomwe Pathera Magetsi a Joni

Kumpoto kwa Joni
17 Sepitembala 2023

Okondedwa a Nangozo,

Moni wambiri kwa inu mkazi wanga, kwa mwana wathu Hannah, ndi kwa amayi. Mwendo wawo uja ukuti bwanji? Ine kuno ndili bwino. Chifuwa chomwe chinandigwira nthawi yozizira chinatha, ndikudya, ndikugwira ntchito.

Mwandifunsa kuti bwanji ndikulimbikira makalata ngati munthu wakale pomwe mafoni alipo. Ndikuuzani mosabisa. Foni yanu mumakatchaja ku shopu ya a Abubakar ku Kandeu, ndipo mawu anga mumatsegulira pomwepo, wogula sopo aliyense kumamvera nawo za m'nyumba mwanga. Chachiwiri, pa foni ndimapsa mtima tisanathe n'kupatsana moni komwe. Pepala silindiyankha, ndiye ndimafika kumapeto. Jasper wa basi amadutsa pa Ntcheu mwezi ndi mwezi, azinyamula.

Ndamva kuti mapolo a magetsi alowa msewu wa kumudzi kwathu, ndipo lina alizika kuseri kwa khola, pafupi ndi mtengo wa mapichesi. Ndamvanso zomwe a magetsi anena pamsonkhano, kuti mvula ikadzatha adzalumikiza nyumba zomwe adzazipeze zili kale ndi waya, zopanda waya adzazidumpha, ndipo za kubweranso sakulonjeza. Chabwino. Tsono mverani. Waya wa m'nyumba imeneyo ndidzaika ndine, ndi manja angawa. Njerwa zake ndinaumba ndekha, malata ndinatumiza ndine. Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikuyatsa misewu ya eni ake kuno, ndiye nyumba yanga akayatse mwana wa munthu wina? Ayi. Ndibwera pa Khirisimasi, masiku atatu ntchito yatha.

Iwe Hannah, mapepala ako awiri aja ndalandira, ndi kakalata kako. Walemba kuti, "Ababa, aphunzitsi a Jogalafe atisonyeza dziko usiku, lojambulidwa ndi setilaiti kuchokera kumwamba. Chongani pomwe mumagona mundibwezere." Pepala loyamba, la maiko onse a kum'mwera kuno, ndaliona. Joni akuoneka ngati mbaula yomwe wina waipunthwa makala n'kumwazika pabwalo. Lilongwe kadontho, Blantyre kadontho, pakati pake bii, ndipo iwe pamdimapo walemba ndi choko kuti "kwathu?"

Lachiwiri, la Joni yekha chapafupi, ndilo landikhalitsa pansi. Aphunzitsi ako azidziwa za pepala, ine ndikuuza za khasu ndi piki, chifukwa ndakumba. Magetsi ofiirira ngati dzungu aja ndi akale, ndi tauni yomwe ndinaipeza. Oyera mbee m'mphepetemo ndi atsopano, ndiwo timaika ife. Tayang'ana kumtunda kwa pepala komwe kuli timizere toyera tofola ngati mano a chipeso. Ine pobwera kumeneko kunali tchire, ng'ombe zikudya, anthu akugulitsa mbuzi m'mbali mwa msewu. Sindinapite ku koleji, ndinayamba ndi kukumba ngalande za waya n'kumaonera anzanga, koma lero wa kumwambayo akajambula, akujambula ntchito ya bambo ako. Ukawauze choncho m'kalasimo.

Zochonga ndichonga, koma osati lero. Cholembera changa n'chakuda, pa pepala lakuda sichioneka.

A Nangozo, Jasper ndamupatsa marandi mazana asanu ndi atatu. Feteleza mugule msanga asanakwere. Kachewere wa kudimba musagulitsire aja obwera ndi ndowa zotupa m'mimba, mukadikire tsiku la msika.

Ndine mwamuna wanu,
Maynard


Kumpoto kwa Joni, chakutsogolo pang'ono
29 Okutobala 2023

Okondedwa a Nangozo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli moyo nonse. Ine ndilipo. Kwayamba kutentha, mvula ya kuno imabwera madzulo ndi ziphaliwali ngati yakwiyira munthu.

Pamodzi ndi kalatayi mulandira katoni yomanga ndi chingwe cha buluu. Muli waya mipukutu iwiri, maswichi asanu ndi limodzi, masoketi asanu ndi atatu, ndi mababu. Ndasankha ndekha chimodzichimodzi, si zotola pamsewu, n'zomwe amaika m'nyumba za mabwana kuno. Muike pamwamba pa kabati, makoswe asafikepo. Asatsegule munthu. Ndanena munthu, ndiye kuti ngakhale alongo anu aja okonda kugwiragwira zinthu.

Zoti kanyali ka sola kaja kafa batire ndamva. Zoti Hannah akuwerenga ndi koloboyi mpaka maso kufiira ndamvanso, simunafunike kulemba kawiri. Ndikudziwa kuti ndi Fomu 4. Apirire miyezi iwiri yokha. Parafini muzigula wabwino, wa utsi uja ndiye akumupweteka.

Tasamuka pang'ono pomwe tinkagona, nkhani yake si yoti n'kuthera pepala. Ntchito yathu ndi yotero. Kontilakita akapatsidwa tchire, ife timayamba kukumba nyumba zisanamangidwe. Tiika waya pansi, tikwirira, tiimika mapolo. Amisiri abwera, nyumba zimera ngati bowa, zonse nkhope imodzi. Kenako amanga mpanda kuzungulira, pageti aika mlonda. Tsiku loyatsa timaima pamsewu, kapitawo akankha chitsulo, msewu wonse n'kuyaka nthawi imodzi. Ndikuuzani, a Nangozo, mtima umagunda. Koma tsiku limenelo ndi lomalizanso kulowamo. M'mawa mwake mlonda yemwe dzulo tinkagawana naye buledi amafunsa kuti ukufuna ndani. Ndiye ife timanyamula mabulangete kupita kutsogolo komwe kukadali tchire, kukayambanso. Tauni imatitsatira pambuyo ngati galu yemwe safuna tikhale pansi.

Ndikukhala ndi Cosmas wa ku Champiti, mukumudziwa, mwana wa malemu a Fanizo opala matabwa aja. Munthu wabwino koma pakamwa. Lamulungu lapitali anandipeza ndikuyang'ana pepala la Hannah, n'kulilanda.

"Achimwene, ndachiona chipinda chanu," akutero. "Ichi apa. Mwaiwalanso kuzimitsa getsi, bilu ikuphani."

Ndinati, "Bweretsa kuno, manja ako ali ndi mafuta a nsomba."

"Nanga bwanji simukuchonga mwana akudikira? Kapena ndikuchongereni ine? Ndikudziwatu pomwe tili."

Ndinamuuza kuti akachonge kwa ambuye ake. Anaseka mpaka kutsokomola. Cosmas amaseka zinthu zosaseketsa.

Hannah, wafunsa kuti madera akuda omwe ali pakati pa kuwalawo n'chiyani. Ena ndi mapiri a dothi lomwe anafukula m'migodi kalekale, palibe amakhalapo. Ena ndi madamu. Ena anthu aliko ndithu, ambiri kuposa Kandeu yense tsiku la msika, koma wojambulayo sawaona. Ukalembe zimenezo pa mayeso ngati akufunsa.

Amayi muwauze kuti jekete lawo ndibwera nalo ndekha.

Wanu,
Maynard


Joni
10 Disembala 2023

A Nangozo okondedwa,

Moni nonse. Ine ndili bwino m'thupi.

Ndiyambe ndi chovutacho kuti chichoke. Pa Khirisimasi sindibwera. Musayambe kulira kapena kuitanitsa ankhoswe, mverani kaye. Kutuluka m'dziko muno n'kosavuta, basi imakwera aliyense. Nkhani ili pa chidindo cha pa boda, ndi zomwe angalembe m'pasipoti ya munthu yemwe masiku ake anapitirira. Akalemba zimenezo, kubwerera kuno ndiye kwatha, kwa zaka. Ndiye fizi ya Hannah ichokera kuti, m'mapichesi? Pali munthu wina akuti amakonza zoterezi, ndikuonana naye mwezi wa mawa. Pofika Pasaka ndili kumeneko. Mvula ikhala isanathe, a magetsi sadzatipitirira.

Mitengo ya zinthu yomwe mwandilembera ndawerenga katatu. Sopo ameneyo akuchapa yekha kapena? Ndawonjezera pang'ono pa zomwe ndimatumiza, zinazo muona mmene mungachitire. Mbuzi yaikazi musagulitse. Ngati n'kofunika kugulitsa, ipite yamphongo yoba chimanga ija, yandikwana kale ndili kuno.

Mwezi uno Joni amakhuthuka. Mabasi, malole, ma thirela odzaza mafiriji ndi mipando, aliyense ulendo wa kwawo. Cosmas wapita kwa mlongo wake ku Pitoliya masabata awiri. Ntchito atseka, ine andisiya kuti ndizilondera waya wotsala m'kontena. Ndimakhala pa chigubu tsiku lonse, wolankhula naye ndi galu wa kapitawo, ndipo naye samva Chichewa. Kutsidya kwa mpanda kuli nyumba zomwe tinayatsa mu Okutobala. Eni ake apita kunyanja kukapuma, koma magetsi a pakhonde awasiya oyaka usana ndi usiku kuti akuba aziyesa muli anthu. Nyumba zopanda munthu zikuwala, kwathu mwana akupsa maso ndi koloboyi. Ndikaganiza zimenezo ndimafuna kuponya mwala, koma ndiponyere ndani?

Madzulo dzuwa likamalowa ndimakwera pamwamba pa kontena. Magetsi amayamba kuyaka uku ndi uku mpaka komwe maso alekera, ndipo kumwamba kumafiira, nyenyezi osaoneka. Ndinali nditaiwala kuti kuno sindinaonepo nyenyezi zoposa khumi. Kwathu mwezi ngati uno, mvula ikakata, ukatuluka kukatseka khola zimachita ngati zikugwera pamutu. Wa kumwambayo amationa ife, ife sitiona kumwamba. Mwina n'chimodzimodzi ndi ine ndi inu, kaya.

Chinthu chimodzi chomwe sichinandisangalatse m'kalata yanu. Mwati Hafiz, mwana wa a Abubakar, waika kale waya m'nyumba zinayi za m'mudzimo ndipo akuti yathu atha kutichitira motchipa. Hafiz amene ndinamusiya akugulitsa mandasi pakhonde la shopu, mamina ali pamphuno? Mumuthokoze, mumuuze kuti nyumbayo ili ndi mwini wake.

Mudye Khirisimasi bwino. Nkhuku muphe, musandidikire nayo.

Ine,
Maynard


Joni
4 Febuluwale 2024

A Nangozo,

Moni. Ndamva kuti muli bwino, chimanga chamasula. Inenso ndilipo.

Ndani anatsegula katoni?

Ndinalemba Chichewa chomveka, kuti asatsegule munthu. Inu mwatenga katundu wanga, wogula ndi thukuta langa, kukamuyalira mwana wa a Abubakar pamkeka ngati tomato. Ndiye iye, ndi nzeru zake za ku koleji, akuti masoketi angawo ndi olakwika. Akuti mabowo ake ndi ozungulira, pomwe mapulagi a ku Malawi mano ake ndi a makona, sangalowe. Masoketi amenewo ali m'nyumba iliyonse ya mu Joni muno, nyumba za madokotala, za maloya, nyumba zomwe zikuoneka kuchokera kumwamba. Afike pa Kandeu ndiye asanduke olakwika? Ngati nkhani ndi mapulagi, ndidzatumiza ketulo ya kuno, ayironi ya kuno, wailesi ya kuno, zonse zolowa m'mabowo angawo. Mlendo akafuna kutchaja foni akatchajire kwawo.

Chachiwiri. Akuti a magetsi salumikiza nyumba pokhapokha asainire munthu wa setifiketi, ndipo ine ndilibe. Zoona, ndilibe. Setifiketi yanga ndi zipsera za m'manjamu. Pepala linayamba lakhomapo waya? Ndikadzabwera ndidzapita ndekha ku ofesi yawo, akandiuze pamaso.

Chachitatu, ndipo ichi ndiye chandisowetsa tulo. Mwalemba kuti, "Bambo a Hannah, m'nyumbamu tikukhalamo ndife. Inu mumaiona pa chithunzi." Mawu amenewo mwawapeza kuti? Ndikugona pomwe ndikugona kuno chifukwa cha ndani? Mukuganiza kuti ndikudya nyama? Pali zambiri zomwe sindilemba, a Nangozo, chifukwa sindifuna amayi azimve. Munthu wokonza mapepala uja anatenga zomwe anatenga, foni yake siikugwiranso. Imeneyo ndi nkhani ina.

Mwati m'mudzi monse nyumba ya malata yopanda waya yatsala yathu yokha, ndipo akazi anzanu kumjigo akufunsa ngati amuna anu amagwiradi za magetsi ku Joni kapena amaweta nkhumba. Asiyeni afunse. Mwati Hannah madzulo akumapita kukawerengera pakhonde la shopu ku Kandeu n'kubwera mdima utagwa. Zimenezo zithe lero. Mwana wamkazi sayenda msewu umenewo usiku. Ndatumiza tochi ya mabatire, awerengere pakhomo.

Ndimalize mosazungulira, monga mumandidziwira. Hafiz akadzalowa m'nyumba mwanga ndi makwerero ake, n'kuboola khoma lomwe ndinamanga ine, mudzadziwe kuti mwasankha. Ine musadzandiwerengerenso.

Pasaka ndikubwera. Mmene ndidzabwerere ndidziwa ndekha.

Maynard


Kwa Cosmas
24 Malichi 2024

Okondedwa a Nangozo,

Musadabwe ndi zilembo, akulemba ndi Cosmas, ine ndikunena. Moni kwa inu, kwa Hannah ndi kwa amayi. Ndakhala chete nthawi yaitali, si mkwiyo ayi. Kalata zanu ziwiri zinafika.

Dzanja lamanja ndalimanga nsalu. Si nkhani yaikulu. Kuno magetsi amawazimitsa mosinthana madera, ndiye ife timapezerapo mpata wogwira waya pa maola omwe azima. Tsiku lina moto unabwerera ine ndisanachotse dzanja. Basi. Kuchipatala anandisamala bwino. Akuti ndipume kaye. Mwezi uno sinditumiza kanthu, mugulitse mbuzi yamphongo ija.

Cosmas akuti ndinene za Pasaka. Ndamuuza kuti alembe zomwe ndikunena, osati zomwe akuganiza iye. Za Pasaka tidzakambirana.

Hannah, walemba kuti aphunzitsi anakusonyezani zithunzi ziwiri za Joni, china cha chaka chomwe unabadwa, china cha tsopano, ndipo kuwala kwakula ngati chikanga pa nsalu. Ndi zoona. Ukafunsidwa chifukwa chake, usangoti anthu akuchuluka. Unene kuti anthu akuchokera ku Ntcheu, ku Mangochi, ku Zimbabwe, ku Mozambiki, kusiya kwawo kuli mdima kubwera kudzayatsa kuno. Walembanso kuti pepala lako ndisavutike nalo ngati ndilibe nthawi. Nthawi ndili nayo yambiri tsopano. Ndichonga.

Tochi ija akuti mabatire akutha sabata imodzi. Ndamva. Sindinaiwale kuti mayeso ndi mu Julayi. Sindinaiwalenso kuti a magetsi anena kuti afika kumapeto kwa Meyi. Musandikumbutse m'kalata iliyonse, mutu wanga sunapse, lapsa ndi dzanja.

Ndatopa, ndilekere pano.

Mwamuna wanu,
Maynard

Alamu, ndine Cosmas, izi ndikuwonjezera ndekha achimwene atuluka kukaothera dzuwa. Akadziwa andipha, ndiye musanditchule. Zala ziwiri sizikupindika, dokotala sanalonjeze kanthu. Pulayala sangagwire. Ntchito ija anaikapo kale wina. Komwe tinkagona anagumulako mu Febuluwale chifukwa mpanda wa nyumba zatsopano ukudutsa pomwepo, ndiye tili m'kanyumba ka malata komwe ndinapeza ine, kutsogolo kwenikweni, madzi timagula pa wilibala. Sakugona ndi njala, ndilipo. Koma ndikuuzeni ichi. Sabata yatha anandituma kwa mayi wina wa ku Balaka yemwe wangofika kumene, kuti ndikabwereke tchaja yake ya foni yochokera kumudzi. Ndinabweretsa. Anatulutsa soketi imodzi yomwe inatsala m'chikwama mwawo, n'kuyesa kulowetsa ndi dzanja lamanzere. Anayesa, anatembenuza, anayesanso. Kenako anakhala nazo pamiyendo mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinati ndiseke monga mwa masiku onse, koma sizinatheke. Madzulo anangoti, "Cosmas, kwathu ndinachoka ndisanalowetsepo pulagi pakhoma ndi kamodzi komwe." Muwalembere, alamu, koma mosawakalipira.


Kwa Cosmas
28 Epulo 2024

Okondedwa a Nangozo, mkazi wanga,

Moni. Zilembo zokhotakhotazi ndi zanga, ndikulemba ndi lamanzere. Ndayamba m'mawa, ndipuma ndikatopa. Sindinafune Cosmas alembe iyi, ali ndi chizolowezi chowonjezera zake kumapeto. Akuganiza kuti sindikudziwa. Kalata yanu yomaliza inali yofatsa kwambiri, ndinadziwiratu kuti wina waulula.

Ndili bwino. Bala lauma. Ndapeza kaganyu koimika magalimoto ndi mbendera yofiira pomwe anzanga akukumba msewu watsopano. Mbendera siifuna zala zonse. Malipiro ndi ochepa, koma mwezi wa mawa mulandira kanthu.

Tsono nkhani ija. Muitaneni Hafiz.

Ndalemba, ndipo sindifufuta. Ayambe sabata ino, a magetsi asatipitirire. Za masoketi ananena zoona, ndi a kuno, kwathu sangagwire ntchito. Agule ena a makona ku Ntcheu. Waya, maswichi ndi mababu aone yekha, zomwe zikuloledwa agwiritse ntchito, n'zabwino, asazinyoze. Mumuuze kuti waya adutse m'mapaipi, asangokhomera pakhoma ngati chingwe choyanikira zovala. Polumikiza amange zolimba, asadalire tepi. Babu la m'chipinda cha Hannah lisakhale pakati pa denga, likhale pamwamba pa tebulo, chakumanzere, kuti dzanja lake lisamachite mthunzi polemba. Swichi ya kuchipinda kwa amayi aike m'munsi, safika patali. Akamaliza mumuphikire tiyi wa mkaka, ndipo mukawathokoze a Abubakar m'dzina langa chifukwa cha khonde lomwe mwana wanga wakhala akuwerengerapo. Ndikudziwa kuti sanasiye kupitako, komanso kuti inu mumakamuchingamira pamlatho. Munachita bwino kusandimvera.

Kalata ya mu Febuluwale ija muyatsire moto.

Munanena kuti nyumbayo ndimaiona pa chithunzi. Ndinakwiya chifukwa zinali zoona. Ndimadziwa kuchuluka kwa malata ake, koma sindidziwa kuti pakhomo pamalira bwanji mukamatsegula chitseko m'mawa. Za kubwera sindilonjezanso tsiku, ndalonjeza kokwanira. Ndikadzabwera mudzangondiona ndatsika pa Kandeu, ndipo ndikadzatero sindidzabwereranso kuno.

Iwe Hannah, mapepala ako onse awiri ndabweza, ali m'pulasitiki. Wadikira nthawi yaitali. Cholembera chakuda sichinali chifukwa, unadziwa kale, ndiwe mwana wochenjera. Tenga la Joni lija. Pita kumtunda komwe kuli timizere toyera, utsatire mpaka pomwe tathera. Pitirira pang'ono, ulowe pakuda. Ukapapasa ndi chala upeza kabowo. Ndaboola ndi singano ya Cosmas yosokera nsapato. Pamenepo ndi pomwe ndimagona. Palibe getsi, mwana wanga. Sipanakhalepo getsi pena paliponse pomwe ndagona m'dziko muno. Timayatsa kandulo, ndipo makalata anga onsewa amalembedwa masana Lamulungu, nditakhala panja.

Pepala linalo, pomwe unalemba kuti "kwathu?", sindinaboole. Singano ili m'pulasitiki momwemo, ndaibaya pa kansalu. Tsiku lomwe adzayatse, udzaboole wekha. Ukatero uzimitse koloboyi, utenge mapepala onse awiri, uwakweze ku babu la pamwamba pa tebulo lako, uwaitane amayi ako adzaone.

Kenako ukhale pansi uwerenge. Julayi sali patali.

Ndine bambo ako, ndi mwamuna wanu a Nangozo,
Maynard